Kubweza nyanda ya a Yotamu

Foni inandipeza Lachitatu masana ndili pamakwerero, ndikupukuta fumbi pa mitsuko ya pamwamba. Nambala inali yachilendo. Ndinayankha ndi dzanja limodzi, linalo litagwira khoma.

"Kodi ndikuyankhula ndi aNangondo, aja osunga zinthu zakale?"

"Ndi ine, mayi."

"Ine ndine Esinati, mwana wa a Yotamu, ku Ntchisi kuno. Abambo sakupeza bwino. Chibwerere kuchipatala sabata yatha, ngakhale phala likuwavuta. Ndiye andituma kuti ndikuuzeni mawu awa monga momwe awanenera: mwana uja abweretse chovala changa, ndatsala pang'ono kunyamuka."

Ndinatsika pamakwerero paja, n'kukhala pansi penipeni.

Ndiyambe ndadziulula. Ine ndagwira ntchito zaka makumi atatu m'nyumba ina yosungira ndi kuonetsa ntchito zamanja za makolo mu Lilongwe. Malichero, mitanga, mphasa, mitsuko, mikanda ya m'chiuno, nsalu zoomba ndi thonje la pakhomo, zonsezi ndazisaka midzi ndi midzi. Kwathu ndi kwa Chisepo. Malemu bambo anga anali mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo, ndipo tsiku lomwe ndinawauza za ntchitoyi anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye fizi yonse ija ndinalipira kuti uzikatola malichero m'makomo mwa anthu?" Anamwalira asanamvetse, koma anzawo akabwera ankawauza monyadira kuti mwana wawo amagwira ntchito ya mbiri.

Pa zonse zomwe ndatola, chomwe chinandikweza ndi nyanda ya a Yotamu. Nyanda, ena amati chiwondo, ndi nsalu ya khungwa la mtengo, ija ankavala makolo nsalu za m'sitolo zisanabwere. A Yotamu ndinawapeza zaka khumi ndi ziwiri zapitazo kuseri kwa mapiri a Ntchisi, ali okhawo odziwa ntchitoyi m'dera lonselo. Anandionetsa nyanda yofiirira, yaitali kuposa munthu, yosalala ngati ya m'fakitale. Ndinati ndigule. Anakana.

"Iyi si yamalonda, mwana wanga. Zinalipo ziwiri, zochokera mu mtengo umodzi wa mombo. Inzake anapita nayo aNaphiri, mkazi wanga, tinawakulungamo tisanawaike m'bokosi. Iyi ndi yanga yopitira. Akandiona nayo adzandizindikira."

Ndinachonderera mpaka anandibwereka. Anawerenga pa zala: "Miyezi itatu. Ikaone tauni, ibwereko."

Miyezi itatuyo ndiyo inasanduka zaka khumi ndi ziwiri. Nyandayo inakwera ndege kawiri, ine ndikuitsata pambuyo ngati mlonda wake. Anthu anaijambula, dzina langa linamveka. Chaka chilichonse ndinkati chaka chamawa. Ndinkatumiza shuga, sopo, tsiku lina bulangete, koma nyandayo ayi. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo kwawukwawuyo ndi amene anandipeza pamakwerero tsiku limenelo.

Galimoto ya kuntchito inali pamiyala mwezi wachiwiri. Basi, minibasi. Madzulo omwewo ndinatsegula bokosi lagalasi, nditavala magolovesi anga oyera. Ophunzira onse odutsa m'manja mwanga amaudziwa ulaliki wanga: chinthu chakale chili ndi adani atatu, madzi, dzuwa ndi manja a anthu. Nyandayo ndinaiyala pa pepala loyera lopyapyala, n'kuikulunga pang'onopang'ono, n'kuilowetsa m'paipi ya katoni yaitali kuposa ine ndemwe. Pamwamba pake ndinazenenga pepala lakuda la pulasitiki, lija timafolera nyumba, n'kumanga ndi mphira malo asanu. Unali mwezi wa Febuluwale, ndipo mvula ya Febuluwale ndimaidziwa.

Ndinafika padepoti dzuwa lisanatuluke bwino. Minibasi ya ku Dowa inaoneka yotsala anthu awiri kuti idzaze, ine n'kukondwa. Kalanga ine, ukalamba wonsewu osaphunzira! Theka la okhalamo anali oitanira, ndipo aliyense wokwera akalowa, mmodzi wa iwo ankatuluka akuyasamula. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linayamba kuwawa.

Kondakitala anafuna kulowetsa katundu wanga kunsi kwa mipando, komwe kunali matumba a feteleza ndi dengu la usipa.

"Mayi, tipinde pakati chimenechi, chikwana."

"Mupinde msana wanu, achimwene. Ichi sichipindika."

"Ndiye chilipire mpando."

"Chilipira. Koma chikalipira muzichitchula kuti bwana."

Anthu anaseka, ndipo chipaipi chija chinagona chamtali pamwamba pa mipando, mutu wake uli paphewa langa, miyendo yake ili pakati pa azibambo awiri a kumbuyo. Tisanafike pa Kanengo, minibasi yonse inali itachitenga ngati mlandu wake. Wina anati ndi kapeti ya kutchalitchi. Wina anati ndi mapu a malo, mayiwa akukalanda munda wa anthu. Bambo wina wachipewa anachigogoda ndi chala, ine n'kumumenya padzanja ngati mwana wa Sande sukulu.

"Aaa, mayi! Mwachinyamula mwaulemu ngati maliro," anatero akuseka.

Ndinangoyang'ana pawindo.

Pa Lumbadzi tayala linaphwa. Lapadera linalipo koma nalonso linali lodwala, choncho kondakitala analigubuduza kukalipopetsa, ife n'kutsika kuima m'mbali mwa msewu. Ine ndinaima nditakumbatira chipaipi changa, nditachibisa ku dzuwa ndi chitenje. Titanyamukanso n'kukhotera msewu wa ku Dowa, mapiri anayamba kuoneka, chimanga chili ngayaye mbali zonse, fodya ali lende m'zigafa. Tinatsitsa anthu ambiri pa Dzaleka, n'kutsetsereka kulowa pa Boma nthawi ikuthamangira leveni.

Kwa a Yotamu ungathe kudzera ku Mponela pa tala, koma ukatero umazungulira phiri lonse n'kutsalabe ndi mtunda. Chidule ndi kudzera ku Nachisaka, msewu wafumbi. Pamsika ndinapeza kapikapu koyera kamene kanali kataona zambiri pa moyo wake. Mwini wake, a Kamwendo, anali atakhala pa boneti akudya chimanga chootcha.

"Tikunyamuka nthawi yanji, bambo?"

"Pompanopompano, mayi. Kwerani."

Pompano wa a Kamwendo anatenga maola atatu. Ankadikira matumba a simenti a munthu wina, kenaka ankadikira munthu wa simentiyo, kenaka onse awiri anapita kukasaka mafuta a m'zigubu. Ine ndinakhala pakhonde la golosale, chipaipi chili pamiyendo, ndikudya tchipisi cha pachiwaya ndi kamtengo. Mitambo inali itayamba kuunjikana kumpoto.

Foni inalira. Esinati.

"Mwafika pati, mayi? Akungofunsa. Galimoto iliyonse ikamveka kutali akuti ndi imeneyo."

"Ndili pa Dowa. Auzeni ndikubwera ndithu."

"Lero akana ndi madzi omwe. Fulumirani."

Ndifulumire ndi chiyani, abale? Ndinapita kwa a Kamwendo n'kuwalalatira mawu omwe mwana wa mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa. Iwo anangondiyang'ana mwachifundo. "Mayi, galimoto ili ngati ng'ombe, siyenda ndi ukali."

Pakhonde lomwelo panali banja laling'ono lochokera kuchipatala. Mtsikana wa zaka mwina makumi awiri, wotuwa ndi kutopa, atafukata khanda m'kashawelo koyera. Mwamuna wake, mlimi wa fodya wa ku Nachisaka, anali atanyamula bafa, fulasiki ndi ambulera, ndipo ankamwetulira aliyense wodutsa ngati iye ndi amene wabereka.

"Wamasiku angati?" ndinafunsa.

"Atatu, amayi. Wamkazi. Woyamba," anayankha mwamunayo mkazi wake asanatsegule pakamwa. "Onani zala zake, zonse zilipo."

"Mumayembekeza kuti zisowa?" anatero mkaziyo, ndipo tonse tinaseka.

Pokwera, kutsogolo kunali kale nkhalamba ina ya mwendo wachikhakha ndi woidwazika, choncho mayi wa khanda uja anakwera kumbuyo pamodzi nafe. Tinamukonzera malo pa thumba la ufa, atatsamira kumutu kwa galimoto. Tinalipo anthu khumi ndi mphambu, simenti, mbuzi imodzi ndi njinga. Ndinafunsa za lona wofunditsa. A Kamwendo anati anabwereketsa pamaliro dzana, sanabweze.

Msewu wa ku Nachisaka umakwera, kutsika, kukweranso. Kapikapu kankalira pa chitunda chilichonse ngati kakupempha chikhululukiro. Tinayenda mwina ola limodzi. Kenaka mphepo inasintha, kunazizira mwadzidzidzi, ndipo tinaiona ikubwera kuchokera kuphiri, yoyera ngati utsi.

Sinayambe ndi kuwaza. Inangokhuthuka. Bambo wa mwana anatambasula ambulera, mphepo n'kuitembenuza nthawi yomweyo, nthiti zake zili m'mwamba. Anavula jekete n'kufunditsa mkazi wake, jekete n'kunyowa. Anavundikira bafa pamutu pa mkaziyo, madzi n'kumatsikira m'mbali kulowa m'shawelo. Anthu anamenya denga la galimoto kuti a Kamwendo aime, koma iwo anakuwa pawindo kuti akaima pamatope apa ndiye tagona pompano, ndipo panalibe nyumba pafupi, minda yokhayokha. Khanda linayamba kulira, kulira kwake kochepa ngati kwa mwana wa mphaka.

Palibe anandipempha. Ndikunena zoona, palibe ngakhale mmodzi. Koma maso onse anali pa pepala langa lakuda, lalikulu lokwana kufunda anthu atatu, louma m'kati, lomangidwa bwino ndi mphira malo asanu.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinamasula nthawi yomweyo. Ayi. Ndinayang'ana kumbali. Mumtima ndinkati: zaka khumi ndi ziwiri ndaisunga osakhudzidwa ndi dontho, ndiye ndikaipereke yovunda kwa munthu amene ali pamphasa ya imfa? Nyanda ina ngati iyi kulibe dziko lonse lino. Woipanga manja ake anatha. Ndinawerengera zonsezi mwana akulira, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Kenaka kulira kuja kunayamba kuchepa. Mtsikana uja anatsegula shawelo pang'ono, n'kuyang'ana mwamuna wake.

"Gwirani uku!" ndinakuwa kwa bambo wina wachipewa cha mlaza amene anali pafupi nane. Mphira zinakana kumasuka ndi zala zozizira, ndinaziluma ndi mano. Tinatambasula pepala lija, azibambo anayi n'kuligwira m'makona, mayi ndi mwana ali m'kati. Mayi wina anavula chitenje chake cham'kati chomwe chinali chikadali chouma, n'kulowa nawo momwemo kukamusintha mwanayo. Patapita kanthawi tinamva kulira kwamphamvu, kwaukali, kenaka zii, akuyamwa.

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe," anatero bambo wachipewa uja, madzi akutsika m'ndevu.

Ine ndinali pa ntchito ina. Chipaipi cha katoni ndinachigoneka pa simenti n'kuchigonera chafufumimba, nditachikuta ndi jasi langa ndi chitenje. Mayi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, wodziwika mpaka kunja, ali chigonere pa katoni ngati nkhuku pa mazira, mbuzi ikumununkhiza khutu. Koma ine ndine wamfupi, chipaipi n'chachitali. Mbali ya kumiyendo inatsalira kunja. Ndinkaimva ndi chala cha kuphazi ikufewa ngati buledi wa mu tiyi.

Tisanafike pa Nachisaka galimoto inatitimira pa kadambo. Azibambo anatsika kukakankha, matayala akuwamwaza matope kumaso, a Kamwendo akulamula ali pouma. Wina anadandaula, mnzake n'kumuuza kuti walira mvula walira matope, si inu nomwe mumapempherera fodya wanu? Anadula nthambi, anaika miyala, ndipo patatha ola kapikapu kanatuluka kakutsokomola.

Pa Nachisaka mvula inali itakata. Banja lija linatsika. Mwamunayo anapinda pepala langa bwinobwino n'kundipatsa ndi manja awiri, atagwada pamatope pomwepo.

"Amayi, sindikudziwa kuti ndinene chiyani. Katundu wanu uja waonongeka chifukwa cha ife."

"Nyamukani apo, mukudetsa buluku. Thamangani naye kunyumba akaothe moto."

Mtsikana uja anandisendezera mwanayo kuti ndimuone. Anali m'tulo, kankhonya kali patsaya. Ndinamukonda, ndipo nthawi yomweyo mtima unkandiwawa chifukwa cha nyanda. Zonse ziwiri zinali zoona.

A Kamwendo ulendo wawo unathera pa mphambano ina kutsogolo kwa Nachisaka. Anati kupitirira apo ngakhale atalipidwa ng'ombe sangayerekeze. Ndinapeza wa kabaza wa njinga yamoto, bambo wamkulu ndithu wovala magambuti, amene anati mudzi wa a Yotamu akuudziwa. Chipaipi tinachipingasa pakati pathu, chikutulukira uku ndi uku, moti tikakumana ndi ngolo tinkachita kuima n'kuchiimika. Tinaterereka kawiri. Kachitatu tinagwa ndithu, pang'onopang'ono, mwaulemu, m'munda wa mbatatesi wa munthu. Ine ndinagwa chagada manja ali m'mwamba, chipaipi osakhudza pansi.

"Koma mayi, chimenechi n'chiyani kuti muzichikonda kuposa msana wanu?" anafunsa akundidzutsa.

"Ndi chovala cha munthu."

Pa mtsinje wa kumunsi kwa mudzi madzi anali atakwera pa kamlatho ka mitengo. Wa kabaza anati apa ndiye pothera. Anandilozera njira yokwera phiri, nyumba zikuoneka pamwamba pakati pa nthochi. Ndinavula nsapato zanga za ku ofesi, n'kusenza chipaipi pamutu monga tinkasenzera nkhuni kwa Chisepo, n'kuwoloka madzi ali m'mawondo.

Kutsidya ndinalephera kupirira. Ndinakhala pamwala n'kusuzumira mbali yonyowa ija. Katoni inali phala. Pepala loyera linali litamatirira. Nyanda yomwe, kuyambira kumapeto mpaka utali wa mkono wanga, inali yakuda bii ndi madzi, yolemera, ikununkha ngati nkhalango. Ndinalira pamwala pamenepo ngati mwana. Ndinaganiza zoti ndikafike nayo yokulunga, ndiipereke, nditsanzike msanga asanaitsegule. Ndinaganizanso zonamizira wa kabaza. Kenaka ndinakumbukira kuti munthuyu ndamunamiza kale zaka khumi ndi ziwiri, zakwana.

Chitunda chimenecho ndinachikwera makutu ali tcheru. Aliyense wakumudzi amadziwa chomwe ndinkamvetsera. Ndinamva nkhuku, ndinamva mtondo, ndinamva wailesi patali. Kulira sindinakumve. Dzuwa linali litapendeka, likuwala mwachikasu kunsi kwa mitambo, pomwe ndinalowa pabwalo ndili matope mpaka m'tsitsi.

Mayi wina wa msinkhu wanga anatuluka m'khitchini akupukuta manja. "Ndinu aNangondo? Mayo ine, mwayenda pansi? Ndine Esinati. Lowani, alipo. Alipo ndithu."

A Yotamu anali atagona pamphasa pafupi ndi khomo, pomwe kuwala kumalowera. Munthu wamtali uja anali atatha, atatsala mafupa ndi ndevu. Maso anali atachita ng'ala. Ndinagwada n'kuwagwira dzanja.

"Bambo, ndine Nangondo. Ndabwera."

Pakamwa pawo panayamba kugwedera. Ndinaganiza kuti akulira, koma ankaseka.

"Miyezi itatu ya ku Lilongwe n'njaitali, eti?"

"Ndinalakwa, bambo. Ndilibe chonena."

"Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, mwana wanga. Koma wanu ndausiya, mwabwera nawo kutali. Ili kuti?"

"Ili pano. Koma ndiyambe ndaulula. Yanyowa. Mbali imodzi yanyowa kwambiri, m'njira muno, ndipo wolakwa ndine."

"Tambasulani."

Esinati anayala mphasa ina. Ine mwachizolowezi ndinapisa m'chikwama n'kutulutsa magolovesi anga oyera, n'kuyamba kuvala. Esinati anandiyang'ana, n'kuyang'ana bambo ake.

"Abambo, avala magolovesi ngati anamwino."

"Chifukwa? Nyanda yanga ili ndi mphere?"

Ndinawavula msangamsanga. Kunena zoona, aka kanali koyamba kuigwira ndi manja anga enieni chiitengereni. Tinayamba kutambasula kuchokera mbali youma, ija ndinaigonera ndi mimba yanga. Inkalira kuti thethethe. A Yotamu anatambasula dzanja, n'kuipapasa, n'kupinda kakona pakati pa zala ziwiri. Kanathetheka n'kugwa pansi ngati tsamba louma. Nkhope yawo inagwa.

"Mwaichita chiyani?"

"Ndinaisunga m'galasi, bambo. Simunalowe madzi, simunalowe dzuwa, palibe anaigwira."

"Zaka zonsezi? Osaiwaza madzi? Osaipaka nsatsi? Osaifunda ngakhale tsiku limodzi?" Anapuma kaye, chifuwa chikukwera ndi kutsika. "Paja munati kwanu ndi kwa Chisepo. Kwanuko fodya wouma amamumanga masana dzuwa lili phwee?"

"Ayi, bambo. Amadikira m'mawa, alowe chinyezi, afewe."

"Nanga akamugwira ali gwa?"

"Amafumbutuka."

"Ndiye mumafuna adzukulu akandikulunge m'chimenechi, chithetheke pondipinda, ndikafike kwa aNaphiri ndili zigambazigamba?"

Zaka makumi atatu za ntchito, maulendo a pandege, ulaliki wanga wa adani atatu, zonse zinathera pa mphasa imeneyo. Dzanja lawo linapitiriza kuyenda, likupapasa, mpaka linafika pa mbali yakuda ija. Linaima. Anaifinya, anaipinda, anaikulunga pa chala n'kuimasula. Inabwerera bwinobwino osathetheka. Anaikokera kumphuno n'kuinunkhiza nthawi yaitali.

"Eyaa. Apa ndiye pali moyo. Apa ndi pomwe ndikuidziwa. Anakulangizani ndani kuti muinyowetse?"

"Khanda la masiku atatu, bambo."

Ndinawafotokozera zonse, za ambulera, za bafa, za pepala lakuda, osabisa ngakhale zoti ndinayamba ndayang'ana kumbali. Anamvetsera maso ali otseka.

"Mwanayo ali bwino?"

"Ndamusiya akugona, atakhuta."

"Basi. Ameneyo ndiye wosunga zinthu zakale weniweni. Esinati, tenga madzi m'ndowa, uwaze yonseyi, uikulunge m'masamba a nthochi igone. Ndipo undipatseko phala, ndili ndi ntchito mawa."

Esinati anatuluka akupukuta misozi ndi chitenje. Tsiku limenelo anamwa masipuni asanu ndi limodzi.

M'mawa tinawanyamulira pakhonde. Anatuma Esinati kukasolola kudenga kachibonga kakuda, kosemedwa mizeremizere kumutu kwake, kosalala pogwirira chifukwa cha zaka. Pabwalo panali chipika chakale. Iwo manja analibe mphamvu, Esinati anati iye sanaphunzirepo, ntchitoyi inali ya amuna.

"Amuna ake ati? Onse ali ku fodya ndi ku Joni," anatero a Yotamu. "Apatse aNangondo. Si paja analemba m'mabuku mmene timapangira?"

Ndinalembadi. Kapepala kofotokoza kamenyedwe ka nyanda kanali pagalasi paja zaka zonsezi, m'zilankhulo ziwiri. Koma chibonga ndinali ndisanachigwirepo. Ndinayala nyanda pachipika n'kumenya.

"Iii! Mwakwiyira ndani? Imeneyo si njoka. Pang'onopang'ono, chibonga chizigwa chokha."

Sankaona, ankangomvera kulira kwake. Ndikamenya bwino ankati, "Eya, eya." Ndikaphonya ankati, "Mwabwerera ku ofesi." Tikamenya chigawo, Esinati ankadontheza mafuta a nsatsi m'manja mwathu n'kumaisisita, kuikoka, kuipinda, kuitambasula. Amayi a m'mudzi anabwera kudzaonerera, kenaka anakhala pansi n'kuyamba kusisita nawo. Adani anga onse atatu anali pamenepo, madzi, dzuwa ndi manja a anthu, ndipo nyanda inkafiira ndi kufewa ndikuona. Tinagwira masiku awiri. M'manja mwanga munatuluka matuza anayi, ndipo a Yotamu anawapapasa limodzilimodzi n'kunena kuti tsopano ndayamba sukulu.

Tsiku lachitatu anaifunda pakhonde, kuyambira m'mapewa mpaka kumapazi, akuwotha dzuwa. Potsanzika anandiikira kachibonga kaja m'manja.

"Ichi sindikukubwerekani, miyezi yanu ndaidziwa. Ndakupatsani. Koma chikakagona m'galasi, ndidzakulotetsani."

Pobwerera ndinadzera ku Mponela, pa tala, ndipo palibe chochitika choti ndinene. Chibongacho chili pa chipika pakhomo la nyumba yathu ya zionetsero, ndipo ana a sukulu akabwera amamenyera makungwa mpaka alonda kudandaula phokoso.

A Yotamu anakhala masiku asanu ndi anayi. Uthenga utabwera ndinanyamukanso, ulendo uno wopanda katundu. Ndinakhala pakati pa amayi kuseri kwa nyumba, a chigwirizano akuimba, adzukulu ali m'kati kukonza thupi. Mtima wanga unali m'mwamba, ndikungoganiza za kakona kaja kanagwa pansi ngati tsamba. Patapita nthawi chitseko chinatseguka, mdzukulu wina wachikulire n'kutuluka akuyang'anayang'ana.

"Mayi a nyanda aja ndi ati?"

Ndinaimirira.

Anabwera pafupi, n'kugwada, n'kunena motsitsa mawu: "Yawakwana, mayi. Tawapinda nayo kumutu ndi kumapazi ngati chitenje. Sinathetheke ngakhale pamodzi."